Chithunzi Nambala 47

Ndinaigula pa Tsoka, Loweruka masana,
pakati pa malamba, machaja ndi nsapato zopanda zinzake.
Sosteni anaipukuta ndi mkono wa malaya
nati, "Iyi yaona mayiko, bwana, ingowonjezerani pang'ono."
Chitseko cha batire ndimachimanga ndi mphira,
diso lake lili ndi kamng'alu kumanzere,
ndipo ukadina batani imayamba yaganiza kaye
ngati kalaliki amene sunamupatse moni.

Miyezi itatu ndakhala ndikutola zopanda pake:
mchira wa galu wa aneba,
mitu yodukira pamphumi pa chinkhoswe cha Velentina,
chala changa chomwe, kakhumi ndi kawiri.

Lachinayi lija ndinkafuna kakowa basi.
Anaima pa tayala lomira theka mumtsinje,
woyera ngati sanamvepo mbiri ya madzi a Lilongwe,
pansi pa mlatho wa matabwa
pomwe umalipira kuti uwoloke.
Ndinagwada m'matope, ndinagwira mpweya,
ndinadina.
Kamera ikuganizabe, mbalame inanyamuka.
Chotsala: nsonga ya phiko ndi miyendo ya anthu.
Ndinatukwana chamumtima, n'kukwera minibasi ya ku Kawale.

Usiku magetsi atathima
ndinayamba kufufuta, chimodzichimodzi,
kagalasi kakundiwalira m'manja.
Pa 47 chala chinaima chokha.

Pakona, m'mwamba, pomwe sindinaloze n'komwe,
munthu akuwoloka atasenza belo la kaunjika.
Phewa lamanja latsika.
Phazi lamanzere laloza kunja,
monga lakhala likulozera
chiyambire tsiku limene ndinamugwetsa pa njinga ya bambo
pa mtsetse wa ku Mchesi.

Lekeleni.
Amene ali ku Joni.
Amene mayi amamutchula m'pemphero m'mawa uliwonse
kuti mabwana ake amukomere mtima.
Amene amalemba kamodzi pachaka:
kuno kwazizira, ndibwera zikayenda.

Ndinakulitsa. Ndinakulitsanso.
Nkhope inasweka n'kukhala timabokosi,
tina totuwa, tina tofiirira,
palibe kamodzi kokhala ndi diso.
Kamera ya Sosteni siidziwa kulumbira,
imangoti mwina.
Koma phazi lija ndinalipinda ndine.

Mayi anafunsa ali kuseri kwa katani,
"Wajambula chiyani lero?"
Ndinati, "Mbalame, koma yathawa."

Lachisanu ndinapitanso. Loweruka. Lolemba.
Ndalipira pa mlathowo kasanu ndi kawiri
wopanda chokagula tsidya linalo,
mpaka mnyamata wotolera ndalama wandipatsa dzina, Ajambuleni.
Dzulo ndinamuonetsa timabokosi tija.
Anapendeka mutu, anaseka:
"Uyu ndi Mjoni. Amabwera mbandakucha ndi a mabelo.
Anamubweza zaka ziwiri zapitazo, alibe ndi chikwama chomwe.
Amagona ku depoti. Ukamufunsa kwawo
amati kulibe amene akumudikira chimanjamanja."

Zaka ziwiri.
Kuchokera pano kukafika pakhomo pathu
munthu amayenda wapansi, thukuta lisanaume.

Lero ndafika kusanache.
Mtsinje ukununkha sopo ndi zinyalala zadzulo,
amayi a tomato akuyala masaka,
wina akukolezera mbaula ndi chidutswa cha katoni.
Kakowa wabwerera pa tayala lake,
waima chilili, khosi lawongoka,
kuwala kwamugwera ndendende momwe ndinkafunira,
ndipo sakusuntha, ngati wamva kuti ndinamutukwana.
Ichi chikanakhala chithunzi cha pakhoma.

Kamera ikhale m'chikwama momwemo.
Sindikudziwa mawu oyambira,
kaya ndimutchule dzina la kwathu kapena la pa mlatho,
kaya adzathawa nthawi imene ine ndikuganizabe.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti belo ndi lolemera,
munthu salitula yekha,
ndiye manja onse awiri ndawasiya opanda kanthu.

Kutsidyako matabwa ayamba kulira:
phazi limodzi likugunda,
linalo likukhula pang'ono.